Khirisimasi ya katsabola ku Glasgow

Glasgow, 9 Januwale

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi bambo akunyumba ndi ana. Zithunzi unatumiza pa WhatsApp zija ndinaziona, ana ali noninoni ndi mango mpaka m'zigongono, koma sindinayankhe zomveka chifukwa kuno zinthu zinali pwirikiti. Lero ana anga onse awiri agona msanga, ndiye ndati ndikulembere ndithu, timawu ta pafoni tija sitingakwane.

Ife Khirisimasi tadyera m'nyumba, ndi katsabola.

Anayamba ndi wamkuluyu. Sukulu itatsala pang'ono kutsekera anabwera ali lefuu, chakudya wakana, pofika usiku thupi moto. Ukudziwa mmene tinakulira, mwana akatentha thupi mu Disembala mtima umathamangira ku malungo basi. Bambo ake anachita kundikumbutsa kuti kuno udzudzu wake uchokera kuti ndi chisanu chimenechi. Komabe nditaimba 111, nambala imene timaimba kukakhala kuti kwa dokotala atseka, namwino atamva kuti ndife a ku Malawi anafunsa ngati tinapitako kumudzi posachedwa. Akuti malungo amatha kubisala m'thupi n'kudzatulukira patapita miyezi, ngakhale chaka. Ife sitinayende, ndiye anati tidikire tione.

M'mawa mwake ndi pamene ndinapeza timatuza kumsana ndi kuseri kwa makutu. Zithunzi zambiri zimene munthu amapeza pa intaneti ndi za ana achizungu, timadontho tofiira pyu toonekera patali. Pa khungu lathuli sitifiira choncho, timangoderako pang'ono, ndipo ine ndinayamba kutimva ndi zala pomusambitsa ndisanatione ndi maso. Pofika madzulo tinali tafalikira pamimba, m'mutu, mpaka m'kamwa.

Wa ku famase anandilangiza bwino, ndipo ndikuuze chifukwa ana akowo akhoza kudzadwala nawonso. Kutentha thupi ndi ululu, mpatse paracetamol wa ana, kuno timagula wotchedwa Calpol. Ibuprofen ayi pokhapokha dokotala atanena, chifukwa pa katsabola amatha kuchititsa kuti zilonda zilowe matenda oopsa a pakhungu. Aspirin ndiye asayandikire n'komwe mwana wosafika zaka 16. Zikhadabo tinawenga, usiku tinkamuveka masokosi m'manja kuti asadzikande ali m'tulo. Calamine uja timamudziwa kwathu ndinamupaka thupi lonse, mwana n'kukhala mbuu ngati wachokera kuchigayo, mng'ono wake n'kumalira kuti nayenso apakidwe. Za m'kamwa ndiye zinavuta. Nsima anakana, tiyi anakana, chimene chinkalowa ndi timadzi toundana ta pa kamtengo tija. Tangoganiza, panja madzi aundana pa magalasi a galimoto, ine ndikudyetsa mwana ayezi.

Pansi pathu pamakhala gogo wina wa konkuno, wamasiye. Atamva kulira usiku anagogoda m'mawa atanyamula sokosi yakale, waikamo oats, timbewu tophikira phala, wamanga mfundo. Anati ndiiviike m'bafa, ndiifinye mpaka madzi achite mkaka, mwana akhalemo. Ndinaseka, chifukwa ndinakumbuka agogo anga ku Chikwawa akutisambitsa madzi a masamba a nimu. Kuyabwa kunachepadi, mwana anagona mpaka kucha.

Chimene chinandiwawa kwambiri si matendawo ayi. Katsabola ambiri tinadwalapo, amatha. Koma mwana sayenera kusakanikirana ndi anthu mpaka matuza onse atauma n'kuchita nkhanambo, zimene zimatenga masiku ngati 5 chitulukireni, ndipo ndi woopsa kwa amayi oyembekezera amene sanadwalepo, makanda obadwa kumene, ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka. Ndiye sewero la kusukulu la kubadwa kwa Yesu linamupita, chonsecho anamusankha kukhala mngelo ndipo mapiko tinali titasoka kale. Phwando lathu la Amalawi la pa 26 Disembala, limene timabwereka holo ya tchalitchi aliyense n'kubwera ndi mphika wake, nalonso sitinapite, chifukwa pagulu pathu pali mayi wina wodwala pakati. Limenelo ndi tsiku limene ana anga amamva Chichewa kuchokera pakamwa pa anthu ena osati ine ndekha, amavina, amamwa thobwa ndi kudya mandasi mpaka kukhuta. Ndinalira ndili kukhitchini, sindikubisira.

Kwanu uko mwana akadwala, m'nyumba simusowa munthu. Apongozi abwera, achemwali atenga wamng'ono kukagona naye, aneba akuphikira phala. Kuno mankhwala ali pafupi, ndipo ku Scotland kuno mankhwala olembedwa ndi dokotala salipiritsa kuyambira 2011, koma manja ogwira mwana ndi anayi okha, anga ndi a bambo ake. Iwonso amagwira usiku kosamalira okalamba, kumene Khirisimasi sikutseka. Onjezerapo mdima. Cha pa 21 Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa, pofika 3:45 masana lalowa, ndipo masiku ambiri silioneka n'komwe, kumangokhala mvula yawaza ndi mphepo. Ana ankayembekezera chipale chofewa choti aumbe chimunthu, koma Glasgow ndi wa mvula. N'chifukwa chake amatiumiriza kuti ana osafika zaka 5 azimwa timadontho ta vitamini D tsiku lililonse, ndipo ife a khungu lakuda, ngakhale akuluakulu, chaka chonse.

Tsiku la Khirisimasi lenilenilo kunja kuli zii. Sitima siziyenda, masitolo akuluakulu lamulo silimawalola kutsegula. Palibe ana oyenda khomo ndi khomo atavala zatsopano, palibe wailesi yaphokoso kwa aneba. Ndinaphika mpunga ndi nkhuku monga kwathu, nkhukundembo yawoyo ine imandiumira kukhosi. Za Santa ndinkakana poyamba, ndimaona kuti zimachititsa makolo kulowa ngongole kuti mwana asachite manyazi kusukulu, ndipo maganizo amenewo sindinasinthe. Koma chaka chino ndinagonja. Wodwalayo anafunsa ngati Santa angalowe m'nyumba ya katsabola, komanso adzera pati poti nyumba yathu ilibe chumuni. Bambo ake anamuuza kuti mkuluyo anadwala kale ali mwana, ndipo makiyi ali nawo. Anasiya karoti ndi kapu ya mkaka pakhomo, bambo ake pobwera kuntchito m'bandakucha n'kuluma karotiyo. Chisangalalo chake m'mawa, ngakhale kuyabwa anaiwala. Mapiko aja anavala tsiku lonse pamwamba pa zovala zogonera, n'kutichitira sewero lonse yekha pabalaza, mng'ono wake ali nkhosa yosamvera.

Madzulo a pa 26 foni inalira, amvekere tsegulani chitseko. Kutsegula, munthu palibe, pali chikwama: kontena ya thobwa, mandasi, nyemba, ndi chambo chouma chimene wina anabwera nacho kuchokera kumudzi. Anzathu aja anali ataima patali pa masitepe akubayibitsa ana.

Gogo uja anandiuzanso zimene sindinkadziwa. Akuti ali mwana bambo ake ankapita kuntchito yokhoma sitima zapamadzi ku mtsinje wa Clyde pa 25 Disembala ngati tsiku wamba. Khirisimasi inakhala tchuthi cha boma ku Scotland mu 1958, chifukwa kwa zaka mazana mpingo wa Church of Scotland sunkaikonda, womwewo umene unadzatsegula mishoni ya Blantyre mu 1876. Iwo tsiku lawo lalikulu ndi lolowera chaka, amati Hogmanay, ndipo amapuma pa 1 ndi pa 2 Januwale pomwe. Pakati pa usiku wa Hogmanay gogoyo anabwera ndi mabisiketi awo a batala aja, anati katsabola sawaopa, anathana naye kalekale.

Tsopano wamkulu wachira, wabwerera kusukulu, zipsera zokha zakuda ndi zimene zatsala ndipo akuti zimatenga nthawi kuti zizimirike. Koma paja katsabola amabisala sabata imodzi mpaka zitatu asanaonekere. Wamng'ono uja, amene ankalirira calamine, wamupeza sabata ino. Ndapemphanso tchuthi kuntchito, sokosi ya oats yabwerera m'bafa.

Undiuze ngati mvula yagwa bwino ndiponso ngati feteleza munamupeza. Maneti musaiwale, nyengo yake ndi ino. Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti chitenje anandipatsa chija ndi chimene ndikuberekera mdzukulu wawo usiku akamavuta.

Ndine mnzako wa kalekale,
Amake awiri