Kalata kwa a Meya a Minneapolis pa nkhani ya Armory

Olemekezeka a Meya,

Ndine Mmalawi wokhala konkuno ku Minneapolis. Tsiku lina ndili pa konsati mu Armory muja mu 6th Street, mabezi akugunda mpaka pachifuwa, ndinafunsa achinyamata amene ndinaima nawo pafupi ngati akudziwa kuti nyumbayi inali ya chani kale, onse anangopukusa mitu, wina nkuti mwina inali fakitale. Zinandiwawa bwana.

Nyumba imeneyi anaimanga mu 1935 ndi 1936 chuma cha America chitagweratu pansi, boma likulemba anthu ntchito zomangamanga kuti apeze ya ufa, ndipo inali ya asilikali a Minnesota National Guard, ankachitiramo pelete nkumasungiramo zida. Ma Lakers aja aliyense amati ndi a Los Angeles ankaseweranso basketball momwemu asanasamuke mu 1960.

Koma mbali imene imandikhudza kwambiri ndi ya 1989 pomwe Hennepin County, boma la dera limene muli Minneapolis, inagula nyumbayi kuti iyigwetse nkumangapo ndende, a Minnesota Historical Society, bungwe losamalira mbiri yakale, anakanitsitsa, mlandu unakafika mpaka ku Supreme Court ya Minnesota ndipo mu 1993 khoti linati ayi isagumulidwe. Itapulumuka choncho inakhalanso zaka zambirimbiri ili malo oimikapo magalimoto, tangoganizani denga lokhota lalitali lija pansi pake pali utsi ndi oyilo wodontha basi, mpaka 2015 pomwe inagulidwa pa $6 miliyoni nkukonzedwa, ndipo magetsi anayakanso mu 2018 nthawi ya Super Bowl, fainolo ya mpira wa chi America.

Ndikudziwa kuti pano ili mmanja mwa eni ake abizinesi, si ya mzinda, komanso ndimawathokoza chifukwa popanda makonsati ndi nkhonya zimene zimachitikamo ndalama zoisamalira zikanachoka kuti? Koma inuyo mukayankhula amamva. Mnyumbamo muli zithunzi zapakhoma zimene anajambula azimayi awiri, Lucia Wiley ndi Elsa Jemne, za mzaka za ma 1930, ndipo ife obwera usiku ndi tikiti mmanja timangothamangira kusiteji osaziganizira nkomwe.

Chonde khalani nawo pansi eni akewo pamodzi ndi a Historical Society mugwirizane tsiku, ngakhale Loweruka limodzi pa miyezi itatu, loti ana asukulu ndi asilikali opuma azilowa masana ulere, magetsi a siteji atazimitsa, wina nkumawafotokozera mbiri yonseyi. Mwana wanga ndidzabwera naye ndekha.

Ine wanu,
Wokhala ku Minneapolis