Lipoti la msonkhano wa ku Addis Ababa pa za Ethiopian Airlines

A Tcheyamani ndi mamembala nonse a gulu lathu la ogulitsa matikiti a ndege, zikomo ponditumiza. Ndabwera nazo izi.

Ethiopian Airlines inayamba kuuluka mu April 1946, ulendo woyamba unali wa ku Cairo, ndipo mpaka lero ndi ya boma la Ethiopia. Panopa ndiyo kampani yaikulu ya ndege mu Africa muno. M'chaka chawo cha ndalama cha 2023/24 inanyamula anthu oposa 17 miliyoni. Pa dongosolo lomwe amalitcha Vision 2035 akufuna kudzafika pa ndege 271 ndi anthu 65 miliyoni pachaka.

Koma nkhani yomwe inadya nthawi yambiri ndi bwalo la ndege la Bole, la mumzinda wa Addis Ababa. Ladzaza. Usiku, ndege zochokera ku West Africa ndi kuno kumwera zikangotera, anthu amathithikana m'makonde kuthamangira ndege za ku Guangzhou, Dubai ndi Mumbai, ena atagona pamabenchi chikwama chili kumutu. Bwaloli lilinso pamtunda kwambiri, mamita oposa 2,300, mpweya ndi wopepuka, choncho ndege zopita kutali sizinyamuka ndi katundu yense amene zikanatha kunyamula. Ichi ndicho chifukwa akumanga bwalo latsopano ku Bishoftu, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, pamalo otsikirapo, lomwe likadzatha lonse lizidzalandira anthu oposa 100 miliyoni pachaka.

Tsono ife tili pati? Malawi Airlines inayamba mu 2014 Air Malawi itagwa, ndipo boma lathu lili ndi magawo 51 pa 100 aliwonse, Ethiopian 49. Ethiopian ili ndi magawo enanso ku ASKY ya ku Lomé komanso ku Zambia Airways. Maganizo anga ndi akuti makampani aang'onowa ntchito yawo ndi kusonkhanitsa anthu m'dera, a ku Johannesburg, Lusaka, Dar es Salaam, pomwe maulendo aatali onse akhala odutsa pa Addis. Amene akuyembekeza ndege yathu yolunjika ku London, monga ena anafunsira tisananyamuke, adikira nthawi yaitali.

Izi sizoipa zonse. Amayi athu okaoda katundu ku Guangzhou amakwera pa Chileka kapena pa Kamuzu n'kusintha ndege kamodzi kokha. Vuto n'lakuti tikadalira khomo limodzi, mtengo tilibe nawo mawu.

Za kusowa kwa ndalama zakunja ndinazidzutsa, popeza makampani a ndege amavutika kutulutsa ndalama zamatikiti ogulitsidwa mu kwacha. Yankho linali laulemu koma lopanda lonjezo lililonse. Ndikupempha komiti ilembe kalata ku Reserve Bank pa nkhaniyi tisanakumanenso mwezi wamawa.