Kalata yochokera ku Leeds, ku Mangalande

Mayi a Tadala,

Kalata yanu yafika. Ndiye mwana akubweradi kusukulu Seputembala uno! Inu mukusowa tulo ndi za jekete, chikhalirecho jekete adzagula konkuno pakaunjika wa azungu. Choopsa kuno ndi chuku.

Nyumba zambiri n'zakale, ndipo kuyambira Okutobala mawindo amakhala chitsekere. Munthu akaphika, akasamba, akayanika zovala m'chipinda, nthunzi yonseyo imakathera pakhoma lozizira n'kusanduka madzi. Pakangopita milungu ingapo, kuseri kwa wadirobu kwada bii, nsapato zachikopa zatuwa mbuu, kenako chifuwa chosatha. Mumuuze bedi ndi wadirobu zisagunde khoma, pakhale mpata wolowa dzanja. M'mawa uliwonse apukute madzi apawindo n'kulitsegula mphindi 10, kuzizire bwanji. Poto azivundikira. Zovala zonyowa asayanike pahita. Hitayo aziyatsa pang'ono koma nthawi yaitali, m'chipinda kutentha kusatsike pansi pa madigiri 18. Kuumira kwa a Phiri kuja, kozimitsa hita kuti bilu ichepe, n'kumene kunawadyera dipoziti yonse. Tsiku lolowa ajambule makoma onse pafoni, chifukwa potuluka mwini nyumba adzati chukucho wabwera nacho kuchokera ku Ndirande.

Za ukwati wa Chisomo ndamva, yanga yapelekani ikubwera.

Ufa asalemedwe nawo. Ulipo m'mashopu a anthu akwathu, wochokera ku South Africa, kungoti ndi wamiseremisere, phala lake limafuna kuwira nthawi yaitali asanayambe kuthira wina. Mthiko ndi chipande zokha asasiye. Nyama ndi zamkaka ayi, pabwalo la ndege salola.

Inunso muleke kuimba foni m'bandakucha ngati kwagwa maliro. Lamulungu lomaliza la Okutobala amabweza wotchi ndi ola limodzi, ndiye mumakhala patsogolo ndi maola 2 mpaka kumapeto kwa Malichi. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Azaumoyo amati nyengo imeneyi munthu azimwa vitamini D, mamaikulogalamu 10 patsiku, makamaka ife akhungu lakuda. Koma mdimawo umalemera, mnzanga. Woyandikana naye nyumba amangomwetulira n'kutseka chitseko, wonena odi palibe. Tadala akayamba kuyankha mawu amodzimodzi pafoni, musamukalipire, mundiuze msanga.

Ndinafunanso kunena za mabini, poti zinyalala zili ndi tsiku lake ndi mtundu wake wa bini, ukasokoneza amakusiyira pakhomo pomwepo, koma pepala latha.