Kwa mnzanga ku Joni, za mwana wowerenga koma osamva

Achimwene,

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaulandira Lachiwiri, koma nkhani yake si yoyankha ndi chala chimodzi, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba. Kuno ku Mulanje tilipo, mvula yagwa ndipo tadzala kale. Kaya inu ndi alamu kumeneko?

Mwati mtsikana wanu wa Fomu 3, amene munamusiya kwa agogo ake, amawerenga Chingerezi ngati muulutsi wa pa wailesi, koma pa mafunso a comprehension amabwera ndi malikisi ogwetsa nkhope. Musadabwe, m'kalasi mwanga ndi ambiri otere. Pakamwa pamatuluka mawu bwinobwino koma m'mutu simutsala kanthu. Ndiye anawa anatulukira nzeru yawo: amatola liwu limodzi m'funso, n'kulisaka m'nkhanimo monga timachitira pokumba mbewa, akalipeza amakopera chiganizo chonsecho. Nthawi zina zimawayendera. Koma funso likangoti afotokoze m'mawu awoawo, kapena alembe summary, nzeru ija imathera pomwepo. Ndipo mukudziwa kuti ku MANEB mwana akalephera Chingerezi satenga satifiketi ya MSCE, ngakhale masamu atakhoza ndi 1.

Chimene ndimayamba nacho anzanga ena mu staff room amachinyoza. Tikawerenga ndime imodzi, ndimati tsekani mabuku, aliyense auze mnzake wapafupi zimene wamva, m'Chichewa. Inde, m'Chichewa, pa sukulu pomwe lamulo limati wolankhula chinenero chakwawo akatchetche udzu. Aphunzitsi ena amati ndikuwononga ana. Ine ndimati mwana amene sangathe kufotokoza nkhani m'chinenero cha amayi ake sanaimve, ndipo ndi bwino ndidziwe lero kusiyana n'kudzadziwa zotsatira za mayeso zitatuluka. Akatha, ndi pamene ndimawauza anenenso zomwezo m'Chingerezi chawo chothyokathyokacho, buku likadali chitsekere.

Pali china chimene chinanditengera zaka kuti ndichione, ndipo ndikhalapo pang'ono. Chichewa chathu chimatisamalira kwambiri. Ndikati “mwala unagwera pa chitseko ndipo chinasweka”, simufunsa kuti chasweka n'chiyani, chi- uja wakuuzani kale kuti ndi chitseko. Chikanakhala mwala ndikanati unasweka. Chingerezi chimangoti “it broke”, basi, zina zonse udzionere wekha. Kaliwu kamodzi komweko kamaimira mwala, chitseko, mbuzi, boma, ngakhale ganizo lonse la m'ndime yapitayo. Kwinaku Chingerezi chimasiyanitsa “he” ndi “she”, pomwe ife timangoti iye, ndiye mwana salabadira kuti wolankhula wasintha. Choncho ndimawapatsa pensulo kuti azungulize “it”, “they”, “this”, “which” aliyense, n'kujambula muvi wobwerera ku chimene akuimira. Tsiku loyamba mivi imaloza kulikonse ngati nkhuku zobalalika. Koma mkangano umene umabuka pakati pawo, wina akuti ndi mfumu wina akuti ndi mudzi, ndiwo ndimaufuna, chifukwa kuti apambane mkanganowo amabwerera okha kukawerenganso.

Timawu tina amangotilumpha ngati miyala ya pamsewu: “however”, “although”, “unless”. Chikhalirecho ndi timeneti timatembenuza nkhani. Ndimalemba pa bolodi theka la chiganizo, “Although the rains came early”, iwo amalize. Wolemba kuti anthu anakolola zambiri ndimadziwa kuti “although” sanamumve.

Za dikishonale sindilimbikira. Tili nawo ochepa, komanso mwana woima pa liwu lililonse amafika kumapeto ataiwala poyambira. Aganizire kaye tanthauzo poona mawu oyandikana nalo.

Ndiulule cholakwa changa. Chaka china ndinawapatsa nkhani ya sitima zoyenda pansi pa nthaka ku London. Kalasi yonse inangoti zii, ine n'kumakalipa kuti ndi aulesi. Patapita masabata ndinabwera ndi nyuzi yakale yonena za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, Chingerezi chake chovutirapo kuposa cha sitima chija. Manja anali m'mwamba ponseponse, mpaka ena kutsutsa mtolankhani kuti madzi sanayende choncho. Anawo ndi omwewo, koma matope aja anawaponda ndi mapazi awo. Kuyambira pamenepo sitiyamba kuwerenga tisanacheze za mutu wa nkhani ndi chithunzi chake, aliyense alote zimene zili m'katimo. Ndipo nkhani ikakhala yachilendo, ndimayamba ndawafotokozera dzikolo. Masamba akale a The Nation ndi The Daily Times ndimatolera kwa aliyense wondidziwa. Anyamata amene amagona pa phunziro langa amadzuka ndikatulutsa tsamba la mpira lonena za Bullets ndi Wanderers.

Tsono za foni imene mukufuna kumugulira, ine ndikuti idikire. Kumeneko mabuku akaunjika a nthano sasowa, mutumize angapo osavuta, oti aziwerenga mosangalala osati ngati mankhwala. Mukamaimba Lamulungu, musamufunse kuti wawerenga masamba angati. Akusimbireni nkhaniyo m'Chichewa, inu muzimudula ndi mafunso: anachitiranji zimenezo, iwe wadziwira pati, ukuganiza kuti zitha bwanji? Agogo akenso angathe kumvetsera madzulo, iwo aja nthano yosamveka saimvera chisoni.

Pa tchuthi chikubwerachi abwere adzakhale nafe sabata imodzi, apite ndi nyuzi zina ndi pensulo. Mundidziwitse msanga kuti mayi akunyumba akonze pogona. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa kale uja,
mphunzitsi wa choko m'manja