Mwana azidziwa chifukwa chake, osangoloweza

Akonzi,

Chiyambire maphunziro aulere muno mu Zambia mu 2022, makalasi m'sukulu zambiri kuno ku Chipata adzaza, ndipo aphunzitsi ena abwerera ku njira yoloweza: iwo anena, ana abwereza. Paulo Freire, katswiri wa maphunziro wa ku Brazil, anadzudzula njira imeneyi chifukwa imatenga mutu wa mwana ngati banki yongosungiramo zinthu. Mwana wotere atha kukhoza mayeso, koma sadziwa chifukwa chimene akuchitira chinthu, choncho udindo sauona ngati wake. Amasesa kalasi poopa chilango basi, mphunzitsi akachoka tsache naye walitaya.

Pa phunziro la mphindi 40, mphunzitsi apatule mphindi 10 zomaliza. Ana akhale asanuasanu, aliyense ndi ntchito yake: wolemba, wosunga nthawi, wofotokozera anzake. Ntchitozi zizisinthidwa sabata iliyonse, apo ayi mwana wochangamuka amagwira zonse yekha, enawo n'kumangoyang'ana pazenera. Wina akalakwitsa samu asapatsidwe yankho msanga. Afunsidwe kuti, "Unaganiza bwanji kuti ufike apa?" Nthawi zambiri amaona yekha pamene waphonya.

Ndikupempha akuluakulu oyendera sukulu kuti azikhala m'kalasi n'kumvetsera mmene ana akuyankhira, osangowerenga mabuku okonzera maphunziro.

Mphunzitsi,
Chipata