Nyimbo zako zikhale ndi kwawo

Matawale,
Zomba.

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi adzukulu. Kuno tilipo, kungoti chisanu chatsika msanga m'phirimu chaka chino, ndiye amayi ako mawondo ayambanso kuwavuta.

Nyimbo zija unatumiza pa WhatsApp tamvera, mlongo wako ndiye anatitsegulira. Yachiwiri ija ndaikonda, gitala wake akulankhula. Yoyamba ija ng'oma za pakompyuta zachuluka mpaka mawu ako akumira, uziunikenso. Koma chandilembetsa kalata ndi china. Mlongo wako atakufunsa kuti nyimbo zako zonse umasunga kuti, akuti unayankha kuti zili pa Facebook ndi pa TikTok, zina zili mufoni. Apo mpomwe mtima wanga sunakhazikike.

Masamba amenewa ali ngati nyumba ya lendi. Ukhoza kuipaka penti, kudzala maluwa pakhomo, koma tsiku lomwe mwini wake wafuna kusintha loko sakufunsa. Sindikukuopseza ayi, zinachitikapo kale. Iwe uli kusekondale kunali tsamba lotchuka la MySpace, komwe oyimba a dziko lonse ankaikako nyimbo zawo. M'chaka cha 2019 eni ake anavomera kuti nyimbo zomwe anthu anaikapo kuyambira 2003 mpaka 2015 zinatayika pomwe ankasamutsa zinthu m'makina awo. Akuti zinali pafupifupi 50 miliyoni. Amene anasunga zawo kunyumba anangodandaula n'kupitiriza. Amene anadalira tsambalo lokha anatsala manja ali m'khosi. Foni nayo umaidziwa, imagwa m'madzi, imabedwa mu minibasi.

Ndiye chita izi. Nyimbo iliyonse ukamaliza kujambula ku situdiyo, uziitanitsa fayilo yake yeniyeni ya WAV, osati ya MP3 yokha. MP3 ndi yotumizira anthu, inapanikizidwa kuti ichepe ndipo mawu ena anatayika. WAV ndiyo mbewu. Uziisunga malo osachepera awiri: pa fulashi kapena hadi dilaivi yomwe izikhala kunyumba, komanso pa Google Drive, pomwe amapatsa munthu 15GB yaulere. Potumiza pa WhatsApp uzisankha kutumiza ngati document kuti ifike mmene ilili. Ndipo upite ku COSOMA ukalembetse nyimbo zako. Bungweli lilipo kuyambira 1992, ntchito yake ndi kutolerera oyimba ndalama nyimbo zawo zikamaseweredwa pawailesi ndi m'malo ena. Osadikira kuti nyimbo iyambe yatchuka.

Chachiwiri n'choti utsegule tsamba lakolako. WordPress ndi Blogger amalola munthu kutsegula osalipira, ndipo zikadzayenda bwino udzagule dzina lako la pa intaneti lomwe ungasamuke nalo kupita kulikonse. Lisakhale la zithunzi zoima pambali pa galimoto ya eni. Pa nyimbo iliyonse ulembe mawu ake onse, chaka chomwe inajambulidwa, situdiyo yake, woimba gitala, woimba besi, amene anavomereza kumbuyo. Ukhoza kuona ngati n'zachabe, koma funsa aliyense amene anayesapo kufufuza mbiri ya magulu akale a kwathu kuno, akuuza kuti chosowa kwambiri ndi chimenechi. Pa makaseti ambiri omwe ndili nawo pali dzina la mtsogoleri lokha, anzake onse anangosanduka "ndi gulu lake". Ulembenso m'Chichewa. Chingerezi chikhale chowonjezera. Pa intaneti chilankhulo chathu n'chochepa kwambiri, ndipo Google Translate, ngakhale inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, mwambi ukaupatsa imaubweza utathyoka msana.

Masamba a anthu wamba otere ndi amene ine ndimawakonda kuposa onse. Munthu mmodzi, kaya ali ku Germany kaya ku Zimbabwe, watolera zimbale zakale za kuno ku Africa, wajambula zikuto zake, walemba zomwe akudziwa za oyimbawo, palibe womulipira. Masamba oterewa sabwera okha pafoni. Umawapeza ukalemba dzina la woyimba wakale mu Google n'kupitirira tsamba loyamba la mayankho, ndipo ukapeza limodzi uziona mmbali kapena pansi, eni ake amakonda kulozera kwa anzawo. Lina likakana kutseguka chifukwa mwini wake analisiya, kopera adiresi yake uike mu Wayback Machine ya bungwe la Internet Archive. Iwowa akhala akusunga masamba kuyambira 1996, ndipo nthawi zambiri umalipeza mmene linalili kale.

Tsopano za zomwe umamvera. Ndakhala ndikuona adzukulu akabwera kuno, ngakhale iwe amene: nyimbo imatha, foni n'kusankha yotsatira, inu n'kumangomvera. Makinawo amakupatsa zofanana ndi zomwe wamvera dzulo, mapeto ake oyimba nonse mukumveka ngati munabadwa kwa mayi mmodzi. Munthu wopeka nyimbo ayenera kudzisankhira yekha chakudya cha makutu ake.

Yamba ndi Allan Namoko wa ku Thyolo ndi Chimvu River Jazz Band. Bamboyu anali wosaona, chida chake chinali banjo, koma tamvera mmene mawu ake amalowera mochedwa pang'ono kenaka n'kukumana ndi ng'oma pamalo pomwe sumayembekezera. Zimenezo kompyuta siingakupatse, chifukwa imawongola chilichonse. Umverenso abale awiri aja a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, omwe anatenga kwela wa ku South Africa ndi chitoliro chake n'kumusandutsa wakwathu. Katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967 n'kuwajambula, n'chifukwa chake lero tikutha kuona ngakhale mmene Daniel ankagwirira gitala. Ukafuna kubwerera m'mbuyo kwambiri, fufuza zomwe katswiri wina wa nyimbo, Hugh Tracey, anajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, mmene muli bangwe ndi nyimbo za pamtondo. Zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, ku South Africa. Zimandiwawa pang'ono kuti mawu a agogo athu tiziwafuna kwa eni, komabe akanapanda kuwasunga bwenzi tilibe chomvera.

Usaganize kuti zakale zilibe msika. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anabadwa mu 1930, koma ataimba limodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, achinyamata a maiko omwe sadziwa n'komwe kuti Chiradzulu ili kuti anavina nyimbo yawo pa TikTok. Kuno ku Zomba komwe, akaidi ndi asilikali a kundende yaikulu anajambulidwa ndi Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, mu 2013, ndipo chimbale chawo chinalowa nawo pampikisano wa Grammy wa 2016. Sanapambane, koma kanali koyamba kuti Malawi atchulidwe kumeneko. Zida zawo zinali zochepa, ena anaimba ndi pakamwa pokha. Reggae ya Evison Matafale ndi nyimbo za Lucius Banda umazidziwa kale, unakulira momwemo, sindichedwapo.

Pali kachida kena kosangalatsa kotchedwa Radio Garden. Kamakuonetsa dziko lonse lozungulira, lili ndi timadontho tobiriwira, kadontho kalikonse ndi mawailesi a mzinda umenewo. Ine ndimakonda kuloza ku Kinshasa madzulo, nthawi zina ku Bamako. Kamadya bandulo, ndikuchenjezeretu, ndiye uzitsegula ukagula ya usiku.

Chenjezo limodzi: mawu achinsinsi a imelo yako asafanane ndi a Facebook, ndipo uyatse zoti potsegula azikutumizira nambala pafoni. Wina akakuimbira kuti ndi promota, akufuna umuwerengere nambala yomwe yalowa pafoni yako, dula foniyo. Imelo ikapita, Drive ndi tsamba zapita nayo limodzi.

Pomaliza, ndili ndi ntchito yoti undigwirire. Makaseti aja ali m'katoni pansi pa bedi ayamba kuchita nkhungu, chinyontho cha ku Zomba sichisiya kanthu. Mwa iwo muli ya kwaya ya amayi ako ndiponso ija malume ako anaimba paukwati wathu, zomwe palibe wina ali nazo. Wailesi yakaseti ikugwirabe. Pobwera pa holide utenge laputopu yako utaikamo pulogalamu ya Audacity, ndi yaulere, komanso kachingwe kolumikiza polowera mahedifoni pawailesi ndi kompyuta. Laputopu yako ikakhala ya bowo limodzi, ugulenso kachida ka USB kolowetsera mawu. Kaseti imajambulika pa liwiro lomwe imalirira, palibe chidule, ndiye ubwere ndi masiku okwanira. Amayi ako akuti adzakhala pambali kukutchulira maina a onse oimbamo, ena mwa iwo anatisiya kale.

Upereke moni kwa apongozi ndi ana. Mlongo wako akuti umutumizire mawu a nyimbo yachiwiri ija, pali mzere wina tatsutsana.

Ndine bambo ako.