Chifedulo chimaima kapena kugwa pa malire, mfuti ndi ndalama

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani ya ulamuliro wa chifedulo, wogawana mphamvu pakati pa boma lalikulu ndi maboma a zigawo, nkhani imene imabuka kulikonse kumene mtundu wina wayamba kudziona ngati mwana wopeza m'dziko lake lomwe. Okangana amathera mphamvu pa dzinalo, awa akuti ndi mankhwala a tsankho, awo akuti ndi nkhwangwa yodulira dziko. Mayiko amene analawa ulamulirowu akusonyeza kuti nkhani yagona pa zimene zalembedwa m'malamulo oyendetsera dziko: malire a zigawo atsata chiyani, mfuti zili m'manja mwa ndani, ndalama zigawidwa motani.

Dziko la Ethiopia ndi limene linapita patali. Malamulo ake a 1995 anakhazikitsa zigawo 9, zambiri zodulidwa motsata mtundu ndi chilankhulo, monga Tigray, Amhara, Oromia, Afar ndi Somali. Ndime 39 imalola mtundu kuchoka m'dzikolo, ndipo njira yake inalembedwa: aphungu awiri mwa atatu aliwonse a nyumba ya malamulo ya mtunduwo avomereze, boma lalikulu likonze riferendamu pasanathe zaka 3, ndipo ovota ambiri anene kuti inde. Papepala palibe chokhota. Koma anthu sakhala m'mizere ngati mbewu. Ukangolemba kuti chigawo ichi n'cha mtundu wakuti, wa mtundu wina amene anabadwira pomwepo wasanduka mlendo, ndipo dera lililonse la m'malire lasanduka mlandu. Dera la Welkait linaikidwa ku Tigray pamene Aamhara amati ndi kwawo. Nkhondo ya pakati pa boma lalikulu ndi Tigray itabuka mu Novembala 2020 asilikali a Amhara analanda deralo, ndipo pangano la ku Pretoria la mu Novembala 2022 linaletsa kuwombana koma silinagamule mwini wake. Mitundu imene inalibe chigawo nayo inaona kuti popanda chigawo ulibe mawu. Asidama anavota mu 2019 n'kupeza chawo mu 2020, ena n'kutsatira, ndipo pofika 2023 zigawo zinali 12.

Chimene chinasandutsa mikangano imeneyi kukhala nkhondo ndi mfuti. Zigawo zinali ndi ufulu wokhala ndi apolisi, koma pansi pa dzina la polisi zinamanga magulu apadera okhala ndi zida ngati asilikali enieni, omvera atsogoleri a chigawo. Boma litalamula mu Epulo 2023 kuti maguluwa athe, ambiri a ku Amhara anakana kutula zida n'kukalowa gulu la zida la Aamhara lotchedwa Fano, ndipo nkhondo ina inayambira pomwepo. Kupatsa chigawo mfuti n'kosavuta. Kuzilanda kumafuna magazi.

Apa ndi pamene oyandikana nawo amalowera. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma pa ndale za mayiko woyandikana naye kawirikawiri amabwera kudzaotha motowo. Asilikali a Eritrea analowa m'Tigray kukamenya adani awo akale a TPLF, chipani chimene chinkalamulira chigawocho. Anthu masauzande ambiri anathawira ku Sudan, ndipo asilikali a Sudan, poona kuti Ethiopia watanganidwa, analowa m'minda ya al-Fashaga imene mayiko awiriwa akhala akulimbirana kwa zaka zambiri.

Nigeria anayamba ndi matenda ofananawo koma anamwa mankhwala ena. Polandira ufulu mu 1960 anali ndi zigawo zitatu zikuluzikulu, chilichonse chili ndi mtundu wake waukulu ndi chipani chake: Ahausa ndi Afulani kumpoto, Ayoruba kumadzulo, Aigbo kummawa. Chigawo chilichonse chinali chachikulu moti chikanatha kudziyesa dziko, ndipo cha kummawa chinayesadi mu Meyi 1967 pansi pa dzina la Biafra. Nkhondoyo inatha mu Januwale 1970. Ngakhale bungwe la mayiko a mu Africa la OAU linali litagwirizana ku Cairo mu 1964 kuti malire a atsamunda alemekezedwe, Tanzania, Zambia, Gabon ndi Côte d'Ivoire anavomereza Biafra ngati dziko.

Kuyambira chaka chimene nkhondoyo inabuka Nigeria anatsata njira yoduladula. Zigawo zinakhala 12 mu 1967, 19 mu 1976, mpaka 36 mu 1996. Aigbo lero ali m'zigawo zisanu za kummwera chakummawa, chilichonse ndi bwanamkubwa wake ndi zofuna zake, kotero palibe mmodzi amene angadzuke n'kunena kuti akulankhulira mtundu wonse. Anawonjezerapo lamulo limene ife timaliona lanzeru kuposa onse: kuti munthu akhale pulezidenti, mavoti ochuluka okha sakwanira, ayeneranso kupeza 25 peresenti m'zigawo ziwiri mwa zitatu zilizonse. Wodalira akwawo okha sangafikepo. Kenya analemba lofanana nalo mu 2010: kupitirira theka la mavoti onse, komanso 25 peresenti m'makaunti (zigawo za kumeneko) osachepera 24 mwa 47.

Tisanamize owerenga kuti Nigeria anachira. Zigawo zambiri sizingalipire aphunzitsi popanda ndalama zochokera ku boma lalikulu ku Abuja mwezi ndi mwezi, choncho ufulu wake ndi wa pakamwa. Zigawo zotulutsa mafuta zimalandira 13 peresenti ya ndalama za mafutawo zotsalazo zisanagawidwe, ndipo mkangano wa chiwerengero chimenechi sunazime. Choipitsitsa ndi chikalata chosonyeza kuti munthu ndi mbadwa ya dera, chimene chimatsegula kapena kutseka khomo la ntchito za boma ndi sukulu. Munthu angabadwire mumzinda, bambo ake n'kubadwiranso momwemo, koma n'kumatchedwabe wobwera. Zipolowe za mumzinda wa Jos mu 2001 zinamera pa muzu umenewu.

Pa ndalama, olemba malamulo aziwerenga mawu ang'onoang'ono. Ku Kenya makaunti ayenera kulandira zosachepera 15 peresenti ya ndalama za boma, koma chiwerengerocho chimachokera pa mabuku omaliza amene anafufuzidwa n'kuvomerezedwa ndi nyumba ya malamulo. Aphungu akachedwa kuvomereza mabuku atsopano, 15 peresentiyo imawerengedwa pa ndalama za zaka zam'mbuyo, zimene n'zochepa. Lamulo silinathyoledwe, koma thumba lapepuka.

Pali ndime ina imene anthu amaiwala poti imakhala kumapeto kwa buku: ndani ali ndi mphamvu yothetsa chifedulocho? Ngati boma lalikulu lingachithetse lokha, kapena ndi mavoti a mtundu wochuluka, ndiye kuti ochepawo anangobwerekedwa. Pafunika kulemba kuti kusintha mphamvu kapena malire a chigawo kudutse mwa anthu a chigawocho povota paokha. Eritrea analumikizidwa ndi Ethiopia mwa chifedulo mu 1952, Mfumu Haile Selassie n'kuchithetsa mu 1962. Zimenezi zinakuza nkhondo imene inayamba mu 1961 n'kutenga zaka pafupifupi 30, ndipo zotsatira zake zinali ufulu wa Eritrea mu 1993, ndi nkhondo ina ya mayiko awiriwa yolimbirana dera la m'malire la Badme kuyambira 1998 mpaka 2000. Ku Cameroon chifedulo cha 1961, chimene chinalumikiza olankhula Chingerezi ndi olankhula Chifalansa, Pulezidenti Ahmadou Ahidjo anachithetsa mu 1972 kudzera pa riferendamu ya dziko lonse, mmene mavoti a ochepawo anamira m'mavoti a ochuluka. Dandaulolo linafuka pansi zaka zoposa 40 mpaka linayaka mu 2016. Othawa nkhondo anadzaza midzi ya m'malire ku Cross River m'dziko la Nigeria. Boma la Nigeria, limene limadziwa kuwawa kwa Biafra, linagwira mtsogoleri wa olankhula Chingerezi ofuna kudzipatula, Julius Ayuk Tabe, ku Abuja mu Januwale 2018 n'kumupereka ku boma la Cameroon ku Yaoundé, ndipo chaka chotsatira khothi la ku Abuja komweko linagamula kuti kumupereka kumeneko kunali kosemphana ndi malamulo.

Ndife,
Owerenga anu